Sakhwi, Nguluwe ndi Zikhomo Zofiira

Kalekale, koma osati kale kwenikweni poti malata anali atabwera kale, kuseri kwa tauni ina kunali thengo lalikulu. Ana inu, yankhani kuti tili tonse. Akuluakulu muli kumbuyoko musawodzere, nkhaniyi ikukukhudzani.

Thengolo linali la misuku, mipoza ndi udzu wobisa njati. Koma tauni ija inayamba kukula. Chaka chino yadya misuku, chaka chinacho yadya mipoza. Poyamba pankabwera anthu ndi chingwe choyezera malo, n'kukhoma zikhomo zofiira, kho! kho! kho! Pakapita masiku pankabwera chikatapila, gududu! gududu! Chilichonse chopezeka pakati pa zikhomo chinkasanduka fumbi. Kenako njerwa, kenako malata, kenako galu pageti.

Nyama zikuluzikulu zinathawira kutali. Zotsala zinapanikizana m'malo awiri okha, kachitsamba ka minga kumtunda ndi dambo kumunsi. M'dambomo munali kasupe ndi mkuyu waukulu.

M'kachitsamba ka minga munkakhala Sakhwi, kanyama konga mbewa kamphuno yaitali, mayi wa ana atatu. M'dambo munkakhala Nguluwe, chinyama cha chimimba chokwekwereza pansi. Kale aliyense ankamwa pakasupe momasuka. Malo atachepa, Nguluwe anagona mopingasa panjira.

"Dambo lino ndi langa," anatero. "Anthu salikhudza chifukwa amaopa mano angawa. Wofuna madzi azipempha atagwada."

Ndiye nyama zinkagwada. Ludzu lilibe ulemu.

Tsiku lina m'mawa Sakhwi anatuluka n'kugunda mphuno pa chinthu cholimba. Chikhomo chofiira, pakhomo pake penipeni! Anazungulira kachitsamba konse n'kupeza zinayi. Anatenga ana ake n'kutsikira kudambo.

"Odi, a Nguluwe. Zikhomo zatipeza kwathu kuja. Ndimati mundigawireko kamalo kochepa, kongokwana ine ndi anawa."

"Gwada bwino, sindikukumva."

Sakhwi anagwada mpaka mphuno kukhudza matope.

"Chabwino," anatero Nguluwe. "Yamba wandichotsa nkhupakupa kumsanaku, tikambirana ukamaliza."

Sakhwi anakwera pamsana ponunkhapo. Zula, zula, zula, kuyambira kukhosi mpaka kumchira, nyama zonse zobwera kudzamwa madzi zikuonerera, ana ake akuona. Dzuwa litafika paliwombo anamaliza.

Nguluwe anayasamula. "Wagwira bwino ntchito. Koma malo palibe."

Sakhwi anakwera chitunda kubwerera kwawo. Ana ankamutsatira pambuyo, iye osayerekeza kucheuka. Manyazi anamutentha nkhope tsiku lonse, mpaka anasanduka maganizo ena.

Kutacha anatsikiranso kudambo ali yekha, akudumphadumpha, nyomi! nyomi!

"A Nguluwe, ndabwera kudzathokoza kuti munandikaniza dzulo. Ndikanataya mwayi waukulu."

Nguluwe anatsegula diso limodzi. "Mwayi wanji?"

"Wa zikhomo zija. Ndafufuza bwino tanthauzo lake."

"Zikhomo zimaitana chikatapila. Ndani sadziwa?"

"Zoona, akulu. Nanga chikatapila chikachoka pamabwera chiyani? Si nyumba? Si dzala lodzaza makoko a mbatata ndi mitu ya nsomba? Si munda wa chinangwa kuseri? Anthu amasankha nyama yolemekezeka n'kuimangira pomwe ikukhalapo. Galu uja mukumuona anali wam'thengo ngati ife. Zikhomo zinamupeza. Lero amagona pakhonde, amadyera m'mbale."

Nguluwe anatsegula diso linalo. Malovu anayamba kuchucha.

"Ndiye asankha iwe? Kamphuno iwe? Kusiya ine?"

"Mwina anasochera, akulu. Koma zikhomo zili kwanga, ndiye mwayi ndi wanga."

Chinyama chija chinadzambatuka, dididi! kukwera chitunda. Chinafukula zikhomo zonse zinayi ndi mphuno n'kuzinyamula pakamwa. Sakhwi ankathamanga pambuyo akulira mokweza kuti, "Mayo ine, musandilande! Ana anga adya chiyani?" koma mumtima akuvina.

Iye ankayesa kuti Nguluwe akhoma zikhomozo kuzungulira chithaphwi chomwe ankagonamo basi. Koma Nguluwe sankadziwa kutenga pang'ono. Chikhomo choyamba anachibaya kuseri kwa mkuyu, chachiwiri kutsidya kwa kasupe, chachitatu ndi chachinayi kumapeto kwenikweni kwa bango. Dambo lonse linalowa mkati.

Sakhwi anaona. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti, "Kasupeyo musiyeni kunja." Kenako anakumbukira fungo la msana uja, n'kutseka pakamwa.

Patapita masiku awiri kunamveka gududu! gududu! Woyendetsa chikatapila sanali munthu amene anayeza malo. Iye anangouzidwa kuti atsate zofiira. Anayang'ana kumtunda, palibe. Anayang'ana kumunsi, ndi izo. Anakhotetsa.

Nguluwe anali atasamba, atapesa manyenje ake, atakhala pakati pa njira ngati mkwati.

"Takulandirani!" anafuula. "Khonde likhale mbali ino, dzala likhale pafupi!"

Chikatapila sichinayankhe moni. Chinamuwola pamodzi ndi matope ndi bango, n'kumutaya uko, khu! Anadzuka, n'kuyamba kufotokoza kuti mwini malo ndi iyeyo. Chinamuwolanso, khu! Kachitatu sanadikire. Analiyatsa liwiro, mchira uli njo, akulira ngati kamwana ka nkhumba.

Nyama zinali pachitunda zinaseka mpaka kugubuduzika. Nkhwali, mnansi wa Sakhwi, anaseka mpaka kutsamwa. Sakhwi nayenso anaseka.

Kenako mkuyu unagwa, phiii! Mbalame zinabalalika, zisa zili mbwee pansi. Chikatapila chinakankha dothi lofiira n'kukwirira kasupe. Kuseka kunatha kokha.

Masana kunafika galimoto, munatuluka bwana wa mapepala. Sakhwi anayandikira n'kubisala pansi pa chitsa.

"Mwachita chiyani apa?" anakalipa bwanayo. "Pano ndi padambo! Lamulo limaletsa kumanga pamalo a madzi. N'chifukwa chake tinkapalambalala zaka zonsezi."

"Ine ndatsata zikhomo, bwana," anatero woyendetsa uja.

Bwanayo anayang'ana uku, anayang'ana uko. Anapondaponda dothi ndi nsapato.

"Koma madziwo ali kuti?"

"Palibe, bwana."

"Ngati madzi palibe, ndiye kuti si dambo." Anatulutsa cholembera, anafufuta liwu limodzi papepala, n'kulemba lina. "Apa patuluka mapuloti khumi ndi awiri. Kachitsamba kakumtundako tidzakayezanso mvula ikatha."

Ali pansi pa chitsa paja, Sakhwi anazindikira zoona. Si mano a Nguluwe amene ankasunga dambo, koma madzi omwe aja. Ndipo amene anawaperekeza kumanda anali iye, ndi pakamwa pake potseka paja.

Dzuwa litapendeka, Nguluwe anafika pa kachitsamba ka minga, thupi lonse matope, khutu limodzi litang'ambika. Anayang'ana pansi n'kugwada, maondo gwa! pamiyala.

"Odi, mayi Sakhwi," anatero ndi mawu aang'ono. "Kamalo kochepa chabe."

Sakhwi anali atakonzekera tsiku limeneli. Anali atasunga mawu akuti, "Gwadani bwino, sindikukumvani." Koma m'malo mwake anati:

"Dzukani, akulu. Anthu angakuoneni."

"Ndine chitsiru, mayi. Ndinanyamula ndekha zikhomo zija, ndi pakamwa pangapa."

"Ndinakunamizani ndine."

"Ndikudziwa. Ndinazindikira pondiwola kachiwiri."

Nkhwali anafuna kuseka, koma kukhosi kunali kouma ndi ludzu. Kamwana kamng'ono ka Sakhwi kanakoka mayi wake mchira.

"Amayi, lero tikamwa kuti madzi?"

Nguluwe anayang'ana kumadzulo, Sakhwi anayang'ana kum'mawa.

Pomaliza onse anandandana, wamkulu patsogolo, aang'ono pambuyo, mpaka kuseri kwa mpanda wa nyumba ina. Pamenepo panali kangalande kotuluka kubafa, madzi ake otuwa, a thovu la sopo. Anamwa mosinthana, osayang'anana. Nguluwe atamaliza anageya, thovu linatuluka m'mphuno n'kuuluka, koma sipanapezeke woseka.

Mpaka lero nguluwe amayenda nkhope ili pansi, ndipo sakhwi mukakumana naye amathawa musanamupatse moni. Si mantha ayi. Akuopa kuti mungamufunse za kasupe uja.

Ndiye inu amene mumakonda kugwetsa mnzanu wadyera, mugwetseni ndithu, amayenera. Koma yambani mwaona kuti wakhalira chiyani, mwina wakhalira chitsime chomwe mumamwapo nonse. Akuluakulu mwagula mapuloti kumunsi kuja, ine sindinatchule dzina la munthu.

Nthano yanga yagwera pomwepa. Amene waimvetsa akaphule mbatata, amene yamuwawa adye yopserera.