Msewu Umodzi wa ku Efeso

Panali munthu wina, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene anapita ndi mkazi wake ku dziko la Turkey. Anaitanidwa ndi mwana wawo Ganizani, yemwe ankagwira ntchito kumeneko, kuti madokotala akaone maso a mayi ake, pakuti anali kuchita khungu pang'onopang'ono. Madokotala anayeza, ndipo sanabise: mankhwala panalibe, kuwala kotsalako kudzazima.

Kunatsala tsiku limodzi kuti abwerere kwawo. Mphunzitsiyo sanafune kuti mkazi wake anyamule chisoni chokhachokha. Choncho m'mawa anakwera naye basi ya alendo kupita ku Efeso, mzinda wakale wa miyala umene onse awiri ankaumva kutchalitchi kuyambira ali ana.

Atafika, mphunzitsiyo anamwaza maso uku ndi uku. Nsanamira zazitali zinali ndondondo m'mbali mwa njira, zina zitagwa, zina zili chiimire. Munthu woonetsa alendo ankayenda mofulumira, atakweza ambulera kuti gulu lisamutaye. Mphunzitsiyo ankathamangira pambuyo pake, dzanja limodzi likukoka mkazi wake, lina likujambula ndi foni. Anajambula zipata, akachisi, zitsime zouma. Mkaziyo ankangotsatira, osadandaula, akupunthwa apa ndi apo.

Dzuwa litafika pamutu, woonetsa alendo uja anati afulumire, chifukwa chachikulu chinali kutsogolo: bwalo lamasewera losemedwa m'phiri, lokwana anthu masauzande.

Mkaziyo anaima. Anafunsa motsitsa mawu, "Bambo a Ganizani, zithunzi zonsezi mukujambulira ndani?"

"Kuti mukaone bwino tikafika kunyumba, Anankhoma," anayankha mwamunayo. Mawuwo atangotuluka, anawamva yekha, ndipo manyazi anamugwira.

"Musadandaule," anatero mkaziyo. "Pitani mukaone bwalolo. Ine ndikhala pamwala pano. Chiyambire m'mawa ndangomva mapazi a anthu, koma nawonso ndi abwino."

Mphunzitsiyo anayang'ana ambulera ija ikupita, gulu lonse likuitsatira. Ankadziwa kuti kuno sadzabweranso. Anaika foni m'thumba, nausiya ulendowo upite.

Anagwada pamsewu, namugwaditsanso mkazi wake. Anatenga dzanja lake naliika pamwala woyalidwa pansi, pamene panali kanjira kokumbika.

"Apa mpotani?" anafunsa mkaziyo.

"Akuti ndi pamene pankapita mawilo a ngolo."

Mkaziyo anasisita mwalawo nthawi yaitali. "Pasalala ngati mphero ya amayi anga," anatero. "Anthu amenewa ankagwira ntchito."

Anapita pansanamira ina. Zala za mkaziyo zinapeza maluwa osemedwa, ndipo zinapezanso pamene mmisiri anaphonya, tsamba limodzi litapindika. Mwamunayo anali atajambula nsanamira yomweyo, koma zimenezo sanazione. Mkaziyo ndiye anamuuza kuti mbali ina ya mwala ikutentha, ina ikuzizira. Kuti mphepo ikununkhira nkhuyu. Kuti pakhoma pagona mphaka, pakuti ankamva kupuma kwake. Penapake anapeza zilembo zachilendo, ndipo anazitsata ndi chala chimodzichimodzi, mwamuna wake atagwira dzanja lake monga ankachitira ndi ana a sitandade wani. Apo mkaziyo anaseka, kuseka kwake koyamba chichokereni kuchipatala.

Tsiku lonselo anayenda msewu umodzi wokha. Bwalo lalikulu lija sanafikeko.

Pobwerera m'basi, alendo anzawo ankaonetsana zithunzi. Wina anafunsa mphunzitsiyo ngati sanataye tsiku. Asanayankhe, mkazi wake anati, "Ife tauona mzindawu." Ndipo anatsamira paphewa la mwamuna wake, fumbi loyera likadali m'zikhatho zake.

Inu amene mukundimva, nonse muli pa ulendo ndi winawake. Mwina ndi kholo lokalamba, mwina mwana wochedwa kumva, mwina mnzanu amene mtima wake wasweka. Mumamukonda, sindikukana. Koma n'zotheka kumugwira munthu dzanja tsiku lonse, iye n'kukhalabe yekha. Musamusungire zabwino zoti adzalandire mawa m'njira imene sangathe kulandirira. Imani pamene iye waima. Zina zazikulu zidzakupitani ndithu, ndipo simudzazionanso. Zilekeni zipite, inu mutsale ndi munthuyo.