Chigubu cha Mkamwini

Kalekale, komatu osati kale la makolo ayi, ku dambo lina la mpunga kunali abale atatu: Lapukeni, Wisikesi ndi Sabiti. Mlongo wawo Felesiya anakwatiwa ndi munthu wa kutali, dzina lake Chikhadwe, amene anadzakhala pa chikamwini.

Chaka china chiwawu chinagwa m'dambomo. Masamba a mpunga anachita mawanga, khosi la ngala n'kuwola, ngala n'kumayera zopanda kanthu. Koma ndime ya Chikhadwe inali biriwiri. Iye anali ndi chigubu chimene anapatsidwa ndi alangizi a kwawo. Munali madzi okhala ndi tizilombo tabwino ta m'nthaka, tosaoneka ndi maso, timene timalimbana ndi nthendayo. Ankanyikamo mbewu asanafese, ndiponso mizu ya mbande powokera. Anawauza alamu akewo poyera, iwo n'kuseka. Mkamwini aphunzitse eni dambo kulima? Mumatidziwa mmene tilili.

Lapukeni, wamkulu, ndiye anayambitsa. Anakanena pa mowa kuti, "Alamu athuwa akukawa. Chigubu chija n'chokokera mpunga wathu ku ndime yawo." Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse unali utamva.

Wisikesi sanali wa pakamwa. Atamva za mkulu wake, analowa m'nyumba ya mlongo wake wosaodira, natulutsa chigubu, nachitema ndi chikwanje ana akuona. "Nawo ufiti wanu, alamu, uwoleni!"

Sabiti, wamng'ono, sananene bodza, sanaswe kanthu. Komatu Sabiti yemweyu, Chikhadwe anali atamupungulira madzi aja m'botolo mwakachetechete, ndipo kandime kake ka kuseri kwa bango kanabereka bwino. Tsiku limene mudzi unkapirikitsa mkamwiniyo, Chikhadwe anayang'ana Sabiti nati, "Alamu, inu mukudziwa. Nenani." Sabiti anawerama n'kumakanda pansi ndi chala cha kuphazi.

Chikhadwe anakulunga mphasa yake napita kwawo, kusiya mkazi ndi ana.

Mwati mfiti itachoka mpunga unachira? Chaka chotsatira chiwawu chinapsereza dambo lonse, ndi kandime ka Sabiti komwe, poti botolo linali litatha. Abale aja anayamba kukagwira ganyu ya chinangwa kutsidya. Kumeneko anaona ndi maso awo anthu akunyika mbewu m'zigubu zonga chomwe chija, masanasana, ena akuimba nyimbo za kutchalitchi. Anabwerera kwawo.

Mvula itayandikira, Felesiya anawaitana, namanga tambala miyendo n'kumuponya pakati pawo.

"Achimwene, mwamuna wanga watumiza mawu. Akuti abwera, chigubu chinanso abweretsa. Koma akuti safuna gulu. Mmodzi yekha, amene anamulakwira koposa, anyamule tambalayu, akagwade pamaso pa abale a mwamuna wangayo. Mukatuma wolakwika, akuti ukwati watha."

Lapukeni anati, "Ine ndinangoyankhula, mowa unali m'mutu."

Wisikesi anati, "Ine ndinakhulupirira akuluwa. Ndikanaswa bwanji akanapanda kunena?"

Sabiti anati, "Ine sindinachite chilichonse."

Felesiya anati, "Eya, simunachitedi chilichonse."

Tambala ali gone pamenepo, nazale sinafesedwe, ana akufunsa za bambo awo. Ine sindiweruza, sukulu yanga ndi yochepa. Inu amene mumadziwa zonse, ndiuzeni: tambalayu anyamule ndani, wa pakamwa, wa chikwanje, kapena uja anangokhala duu?