Ng'oma Zosafuna Moto

Lajabu Mkwepu anafika kwa Shehe Silaji, Mulungu awachitire chifundo, titangotuluka kumene mu swala ya Aswiri, pemphero la chakumadzulo. Anabwera pa njinga yamoto, nkuiimika pakhomo penipeni pa madrasa ngati Nsanama yense ndi munda wa bambo ake. Ine masiku amenewo ndinkaphunzitsa ana oyamba kumene pansi pa Shehe, ndipo ndinali pakhonde pomwepo ndikusoka mkeka umene anawo anaubowola ndi zidendene. Choncho zimene ndikulemba pano sindinachite kuuzidwa, ndinazimva ndi makutu angawa.

Lajabu anali woimba ng'oma m'gulu la kasida, nyimbo zotamanda Mulungu ndi Mtumiki zimene timaimba pa maukwati kwathu kuno. Ntchitoyo anaitengera kwa malemu bambo ake, Che Mkwepu, pamodzi ndi ng'oma ziwiri zosema ndi manja. Wotsogolera nyimbo anali Che Dinala, munthu wamkulu amene anaimba ndi Che Mkwepu kuyambira onse ali anyamata. Ndikudziwa kuti alipo ena pakati pathu amene akangomva mawu oti ng'oma amakwinya nkhope. Amenewo andikhululukire, mkangano umenewo si wa lero. Shehe ankalola ng'oma pa ukwati, bola mawu a nyimbo akhale oyera.

Dzanja Lajabu anali nalo, zimenezo sindingamumane. Koma matama, abale! Ankayenda ngati ng'oma inayamba ndi iyeyo. Tsiku limenelo, komabe, ndinaona kuti matamawo anali ongovala pamwamba, nkhope inali ya munthu amene sakugona bwino.

"Asalamu aleikumu, a Shehe."

"Wa aleikumu salamu, mwana wa mnzanga. Khalani apa, malo alipo."

Shehe anatseka buku limene ankawerenga nkuvula magalasi. Iwo aliyense ankamutchula kuti inu, ngakhale mwana wamamina.

"A Shehe, ndabwera ndi funso laling'ono, mwina lochepera maphunziro anu."

"Likadakhala laling'ono mukadadziyankha nokha kunyumba. Poti mwawotcha mafuta kubwera kuno, nenani."

Lajabu anatulutsa foni nkuyamba kuwaonetsa zithunzi.

"Ng'oma za bambo zija ndazikulira, a Shehe. Zinali zabwino pophunzirira, koma chikopa chake chikangomva chinyezi chakhwefuka. Ndiye tiyeni tisake udzu, tikoleze moto, tiwambe ng'oma, anthu a ukwati ali duu kutiyang'ana. Magulu a m'tauni amatiseka. Tsono ku Limbe ndapeza makonga, ng'oma zazitali zija za m'mabandi, zomangidwa ndi mabawuti. Ukangokhwimitsa ndi sipanala m'mawa, basi, mpaka dzuwa kulowa osafuna moto. Zilipo za mitundu iwiri. Izi zofiirazi ndi zapulasitiki yolimba, mawu ake ndi akuthwa, amakafika kutali. Izi zinazi ndi zathabwa, chikopa cha ng'ombe, mawu ake ndi ofatsa. Ndiuzeni, nditenge ziti?"

Shehe anayang'ana zithunzizo mwachidwi ndithu, zonse ziwiri, nkumubwezera foni.

"Zokongola, mashaallah. Koma ine pa za ng'oma ndine mbuli, ndili ndi makutu chabe monga aliyense. Katswiri ngati inu safunsa mphunzitsi wa madrasa kusiyana kwa thabwa ndi pulasitiki. Chakuyendetsani nchiyani?"

Lajabu anazyolika. Ine ndinadziwiratu chimene chikubwera, chifukwa pa ukwati wa mwana wa Che Adini ku Ntaja ndinalipo.

Pa ukwati umenewo Lajabu anabwereka makonga kwa mnzake wa ku Liwonde kuti awayese asanagule ake. Ndipo makongawo analira, ndisaname. Nyimbo ikatha, iye walowetsa kale ina, osapumira, amayi nthungululu kuti lululu, anyamata fumbi koboo. Lajabu thukuta lili kamukamu, mano onse pamtunda. Kenaka pakati pa kasida yaitali, ija Che Dinala ankadziwika nayo dera lonse, mawu awo anaduka. Anayesa kukweza, kunatuluka chifuwa. Anayesanso, kunangotuluka mpweya. Ng'oma zinapitirira zokha kanthawi, nkusiya, bwalo lonse lili zii. Ndiye kamnyamata kena kopanda mwambo kanakuwa kumbuyo kuti, "Agogo, batire yatha!" Anthu anaseka. Si onse, koma anaseka. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Che Dinala anatola ndodo yawo nkumapita kwawo, mpunga wa ukwati osaulawa.

"Kuyambira tsiku limenelo akukana kuimba," anatero Lajabu. "Ndapitako, ndatumako anthu, yankho ndi limodzi: ine ndatha, sakani wina. A Shehe, ine sindikufuna wina. Munthu ameneyu anandinyamula ndili khanda. Komanso ine sindinalakwe kanthu, tsiku lija ndinaimba bwino kuposa kale lonse, aliyense akuchitira umboni. Vuto ndaliona. Ng'oma zobwereka zija zinali zaphokoso, iwo anakakamiza kukhosi kuti amveke, mawu nkuduka. Mtima wanga uli pa zofiirazi, koma ngati zathabwazi ndi zimene zingawabweze, nditenga zimenezo. Inu mungosankha, kenaka mukawauze kuti ng'omazi mwasankha ndinu. Inuyo sangakukanireni."

"Mulungu akulipireni chifukwa chowakonda," anatero Shehe. "Mundilole ndikufunseni pang'ono, poti ndanena kale kuti ndine mbuli. Malemu bambo anu ankapita kumoto kawirikawiri?"

"Kawirikawiri, makamaka zaka zawo zomaliza. Ng'oma zinali zitakalamba."

"Nanga inu mutatenga malo awo?"

"Chimodzimodzi. Anandilamula kuti nyimbo yaitali ikangotha ndizikawamba ng'oma, osafunsa mafunso. Ndinkangotsatira, ngakhale zinkanditopetsa."

"Mukamaziimba nokha kunyumba, zimakhwefuka msanga chomwecho?"

Lajabu anaika foni pamwendo. Anaganiza.

"Ayi," anatero motsitsa mawu. "Kunyumba zimapirira ndithu."

"Tsono inu kapena bambo anu mukakhala kumoto, Che Dinala ankatani?"

"Ankakhala pampando, kumwa madzi, nkumatinyoza. Ankauza anthu kuti ng'oma za a Mkwepu nzaulesi ngati eni ake, zimaimba pang'ono nkukawotha moto. Anthu ankaseka, bambo nawo ankaseka."

Shehe anapukuta magalasi ndi nsonga ya mkanjo. Ine singano ndinali nditaiiwala m'manja.

"Pali mawu amene bambo anu anandisungitsa," anatero. "Ndawasunga ali moyo, ndawasunga atamwalira. Lero ndiwamasula, Mulungu andikhululukire, ndipo mwina ndinalakwa posakuuzani pamene munkalandira ng'oma zija. Chaka china pa ukwati ndinkadutsa kuseri kwa nyumba kumene anakoleza moto. Ndinawapeza atakhala chapatali ndi motowo, ng'oma ili pamwendo, sakuiwamba nkomwe. Mwachibwana ndinaigogoda ndi chala. Inalira kuti ngwee, yokungika bwinobwino. Ndinati, Che Mkwepu, ng'oma ili bwino chonchi mukusungiranji anthu? Iwo anandikoka mkono nkundinong'oneza kuti, a Shehe, ng'oma ilibe vuto, chakhwefuka ndi chifuwa cha Dinala. Mpweya wake sukufikanso monga kale, koma iye sakudziwa. Musamuuze."

Lajabu anasendera pafupi ndi Shehe.

"Ndiye kuti moto wonse uja..."

"Nthawi zina ng'oma inkafunadi moto, chikopa ndi chikopa. Koma kawirikawiri unali mpando wa mnzawo. Bambo anu ankamvetsera ng'oma ndi khutu limodzi, linalo lili pa mpweya wa Che Dinala. Akamva kuti wayamba kufupika, ankagwedeza mutu ngati akhumudwa ndi ng'oma, nkunyamuka. Manyazi ankagwera chikopa, woimba nkupuma ulemu wake uli wonse. Inu munapitiriza mwambowo osadziwa chimene mukusunga. Mwana wanga, ku Ntaja Che Dinala sanagonje ndi phokoso. Munawabweretsera ng'oma zosatopa."

Ndaonapo amuna akulira pa maliro, koma kulira kwa tsiku limenelo kunali kwina. Lajabu sanafuule, misozi inkangotsika nkumagwera pa foni ija, zithunzi zikadali zoyaka. Ine, amene ndinkanyansidwa ndi matama ake, ndinamumvera chisoni mpaka ndinayang'ana kumbali.

"Astaghafirullah, Mulungu andikhululukire," anatero. "Ine ndinkati ndikukweza gulu. Ndinkati bambo anatsalira." Anapukuta m'maso ndi mkono, kenaka nkhope inawala ngati wapeza njira. "Ndiye basi, a Shehe, Limbe ndamusiya. Ndibwerera ku ng'oma za bambo, ndizikoleza moto monga kale. Kapena ndigule makongawa, ndizinamizira kukhwimitsa mabawuti nyimbo ikatha. Kapumidwe kawo ndikudziwa tsopano, sindidzaphonyanso. Mukangowauza kuti abwere."

Shehe anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Che Dinala ndi wokalamba, koma si wopusa. Masiku onsewa akhala pakhonde pawo akulingalira. Ng'oma zakale zinkaima, iwo nkumaimba bwino. Ng'oma zatsopano sizinaime, iwo nkugwa. Mukuganiza kuti sanalumikize? Anabwera kuno Lachisanu lapitalo anthu atabalalika. Sanadandaule za inu ngakhale pang'ono, ndipo anati ndikadzakuonani ndikuuzeni kuti alibe nanu mangawa. Anangondifunsa kuti, a Shehe, kodi Mkwepu ankandinyenga? Ndinalephera kuwanamiza. Analira, nkumuchitira duwa mnzawo, kumupempherera kwa Mulungu. Tsopano mukakoleza moto, adzadziwa kuti mukuwambira iwo, ndipo bwalo lonse la ku Ntaja lidzadziwanso. Chophimba chimagwira ntchito wophimbidwayo asanachione."

"Ndiye palibe chimene ndingachite?"

"Chilipo, koma si chimene mwadzera. Pitani kwawo manja ali lende, opanda ng'oma. Mukakhale pansi, muwapemphe akuphunzitseni kasida zimene ali nazo pamtima, aziimba motsitsa, aziima pamene afuna. Chipembedzo chathu chimatiuza kuphimba kufooka kwa m'bale, ndipo kukaonekera, kumukhalira pafupi. Choyambacho chakudutsani. Chachiwirichi chikadalipo."

Ndinene pano, poti ena mufunsa: Lajabu anapitadi, ndipo ankapitabe mpaka tsiku limene tinanyamula jeneza la Che Dinala kupita nalo kumanda. Koma pabwalo la ukwati mawu aja sitinawamvenso. Madzi akatayika saoleka.

Tibwerere ku tsiku lija pa madrasa. Ana anali atayamba kusonkhana kudikira phunziro la madzulo, akusuzumira njinga yamoto ija. Potsiriza Lajabu anadzuka, nkugwira dzanja la Shehe ndi manja awiri. Atafika pa masitepe anatembenuka, ndipo funso lija anabwera nalo linatuluka lokha, koma tsopano ndi mawu a munthu wosweka.

"Nanga ng'omazi, a Shehe? Nditenge ziti?"

Shehe anavala magalasi awo nkumuyang'ana mwachifundo.

"Tengani zimene makutu anu akonda, mwana wa mnzanga, palibe tchimo pa ng'oma yabwino. Zonse ziwirizo zidzalira kuposa za bambo anu. Koma za bambo anu zinkalola kunyozedwa ulesi pamaso pa anthu kuti mnzawo asatchedwe nkhalamba. Zoterozo ku Limbe kulibe."