Alendo a Bambo Mlongoti

"Ine ndidakonzapo wailesi m'sitima yapamadzi, mafunde akundiwomba mbama. Ndayenda mayiko mpaka pasipoti kuchita kudandaula. Ngati kunja kwa dziko lino kuli zamoyo, moni woyamba zidzapereka kwa ine."

Ankatero bambo wina wokonza mawailesi ndi makanema, amene makasitomala ankangowatcha a Mlongoti. Sikuti zonse adali matama. Adayamba ndi sikuludiraiva imodzi pakhonde la sitolo ya eni ake, mpaka kudzakhala ndi shopu yawoyawo. Koma munthu akakhuta amadwala matenda odzisankhira, ndipo iwo adadwala nyenyezi. Padenga adakhomapo madishi akale a kanema, mawaya ali lendelende mpaka m'kachipinda ka kuseri. M'menemo ndimo ankaswera, makutu ali kuwailesi yolumikiza okha, kudikira mawu ochokera kumaiko a kumwamba.

Akazi awo adali telala. Masiku amenewo ankasoka diresi la ukwati la mwana wawo wamkazi, tsiku litayandikira.

"Abambo, mota ya mashiniwa ikuthetheka moto. Taionani, isandithere diresi lili pakati."

"Mota ndi nkhani yaing'ono, mayi. Mawa. Panopa ndili ndi alendo."

"Alendo ake ati osapempha ndi madzi akumwa omwe?"

Komatu alendowo ankamvekadi. Masana aliwonse wailesi ija inkalira kuti krrrr, kenaka zii, kenakanso krrrr motalikirapo. A Mlongoti ankagwedeza mutu mokhutira. Mphepo siyankhula chonchi. Uyu adali wanzeru, wopumira kuti aganize. Adazindikiranso kuti Lamulungu samveka konse.

"Ndi anthu opemphera," adauza akazi awo.

"Akupemphereni mundikonzere mota," adayankha mayiwo, ulusi uli pakamwa.

Mawa lija lidabala mawa linzake. Loweruka masana a Mlongoti adaitana aneba ndi mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, woyendetsa basi, kuti adzamve okha. Anthu adathithikana m'kachipinda muja. Tsikulo uthenga udabwera wamphamvu kuposa kale, wosapumira n'komwe.

"Alamu, tawafunsani ngati kwawoko mafuta ndi otchipa," adatero woyendetsa basi.

"Sekani lero. Mawa muzidzati ndife achibale ake."

Asadatseke pakamwa, wailesi idati phu, n'kukhala chete. Kafungo ka waya wopserera kadalowa pang'onopang'ono. Pakhomo padaima mayi aja, diresi lopanda mkono umodzi lili paphewa.

"Mota ija yapsa," adatero.

Mlamu uja adayang'ana mlongo wake, n'kuyang'ana wailesi. "Alamu, alendo anu anyamuka limodzi ndi mashini a achemwali. Kapena adakwera basi imodzi?"

A Mlongoti sadafune wowamasulira, pakuti ntchito ankaidziwa. Kuthetheka kwa mota kuja ndiko kunkalowa m'mawaya awo. Krrrr adali msoko, zii adali mayi akutembenuza nsalu. Masabata onsewo ankamvetsera akazi awo mwachidwi chimene sadawapatsepo ali nawo maso ndi maso.

Mota ina yotere idali yoitanitsa kutali, yosafika ukwati usadachitike. Mayiwo sadakalipe. Adangokoka kampando n'kukaika pambali pa mashini.

"Khalani apa, bambo woyenda mayiko. Gudumuli lizungulira ndi dzanja lanu. Ndikati imani, muziima."

Adapukusa a Mlongoti, phewa likuyaka, mwana wawo akubisa kuseka kuseri kwa nsalu yoyezera. Ngongole ya mawamawa adaibweza yonse: mkono umodzi wa diresi, zipi, ndi mamita asanu ndi awiri a mpendero. Mkwati adalowa m'tchalitchi atatchena, bambo ake akumuperekeza ndi dzanja lamanzere poti lamanja silinkadzuka.

Madishi aja akadali padenga, ndipo kumwambako sikudayankhebe. Koma mayi akangoti "Abambo," wailesi imazimitsidwa msangamsanga. Paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.