Wisiki wa M'botolo la Sopo

Kwathu kuno ku Shreveport, m'dziko la America, ukatchula dzina la a Roscoe Tillman, madalaivala a malole amavula zipewa. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu bambowa akhala akukonza mabuleki m'galaja yawo kuseri kwa njanji, ndipo palibe lole imene inachoka m'manja mwawo n'kukagwera m'ngalande. Koma chimene ankanyadira kuposa luso lawolo chinali china: ankati chibadwire palibe wamalonda amene anawadyerapo masuku pamutu. Chiphunzitso chawo chinali chakuti wofunsafunsa ndiye amaberedwa, poti ukafunsa waulula wekha kuti ndiwe mlendo.

Tsiku lina masana ali chigonere pansi pa lole, foni inalira. Anali Latrice, mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino pa chipatala china ku Houston.

"Adadi, mwezi wamawa inu ndi amayi mukwanitsa zaka makumi anayi muli pabanja. Ndakugulirani ulendo wa pa sitima ya pamadzi, masiku asanu, kunyamukira padoko la ku Galveston. Chipinda chake n'cha khonde, nyanja muzikaionera muli pabedi."

A Roscoe anasolokoka pansi pa loleyo, manja ali bii ndi girizi, n'kufuulira mwini loleyo, amene anali chiimire pambali. "Wamva iwe? Mwana wanga ameneyo! Wako anakuguliranji chaka chino, masokosi?"

"Koma pali nkhani ya zakumwa, adadi," anapitiriza Latrice. "Ndimafuna ndikufotokozereni kuti..."

"Za zakumwa undisiyire ine. Ndikuzidziwa. Mbava zimene zija kagalasi kamodzi zimagulitsa madola khumi ndi asanu."

"Ayi, tamverani kaye..."

"Latrice, ine ndinayamba kumwa iwe usanabadwe. Pita ukathandize odwala."

Mtsikanayo anaseka, nati zonse zili m'mapepala amene watumiza, akawerenge. Mapepalawo atafika, a Roscoe anasankhamo matikiti okha, otsalawo n'kuwaponya m'kabati.

Kutatsala masiku awiri, akazi awo, mayi Vernell, anawapeza kukhitchini atafoletsa mabotolo patebulo ngati sing'anga. Atatu anali a mankhwala otsukira mkamwa, limodzi la sopo wamadzi wosambira m'mutu. Onse anali atawakhuthula, ndipo ankathiramo wisiki, n'kudonthezeramo utoto wobiriwira wa makeke.

"Inu bambo ake Latrice, mwayamba liti kuphika mankhwala?"

"Izi ndi nzeru, mayi. Sitimayo salola kulowa ndi mowa wako, kuti akakukame bwino uli pakati pa nyanja. Ine sindine ng'ombe."

"Bwanji osamuimbiranso mwana, timve zimene amafuna kunena zija?"

"Amafuna kundichenjeza za mitengo. Ndachenjera kale."

Mayi Vernell anangopukusa mutu. Zaka makumi anayi zinali zitawaphunzitsa kuti mwamuna wawo akati walunjika, ndi bwino kungomupatukira.

Sitimayo inali chinyumba cha nsanjika khumi ndi ziwiri choyandama pamadzi. Polowa, aliyense anapatsidwa khadi lotsegulira chipinda, lomwenso amagulira chilichonse m'sitimamo. A Roscoe anatenga makhadi onse awiri, n'kuwaika m'thumba la malaya, n'kumanga batani. Chikwama cha mayi Vernell chinafika kuchipinda msanga. Cha a Roscoe sichinaoneke. M'malo mwake kunabwera kakalata kowapempha mwaulemu kuti atsikire ku nsanjika ya pansi penipeni.

Kumeneko anapeza mzere wa anthu aimvi, aliyense akuyang'ana nsapato zake ngati ana oitanidwa kwa mphunzitsi wamkulu. Mayi wa chitetezo anatsegula chikwama chawo, natulutsa botolo limodzi, n'kulinunkhiza.

"Bambo, mano anu mumatsukira wisiki?"

A Roscoe anatukula chifuwa. "N'chifukwa chake onse alipo, mayi. Tawerengani."

Mzere wonse unafa ndi phwete, ngakhale mayi wa chitetezoyo anabisa nkhope. Koma mabotolo atatu aja anatsala komweko. A Roscoe anakwera masitepe akuimba mluzu, chifukwa botolo la sopo anali ataliponya m'chikwama cha akazi awo, ndipo linali litadutsa.

"Atatu ndawapatsa dala," anatero atafika kuchipinda. "Msodzi sadandaula nyambo."

Anakhala pakhonde, miyendo atasanjika pachitsulo, nathira m'kapu. Atangomeza kamodzi maso anatuluka misozi. Botololo sanalitsukuluze mokwanira. Wisikiyo ankanunkhira maluwa, ndipo pakamwa pawo panayamba kuchita thovu.

"Mukuoneka ngati makina ochapira zovala," anatero mayi Vernell. "Tayani zimenezo."

"Ndi wabwinobwino. Wangofewa."

Masiku awiri anatha chomwecho. Pa dziwe losambiramo, amayi ena ankamwa zakumwa zothiridwa m'chinanazi chogoba, ka ambulera kapepala katazikidwa pamwamba. Mayi Vernell si munthu wa mowa. Kutchalitchi amaimba kwaya, ndipo vinyo amalawa pa Khirisimasi pokha. Koma chinanazi chimenecho chinawalowa mumtima.

"Tiyeni tikangofunsa mtengo wake. Kufunsa si kugula."

"Kufunsa ndiye chiyambi cha kugula."

Woperekera zakumwa aliyense akawayandikira n'kupempha khadi, a Roscoe ankagwira batani lija n'kuyankha mokweza kuti, "Madzi okha, mkulu wanga. Ife tinabwera okonzeka." Akatero ankabwerera kuchipinda kukameza sopo wawo, akudziona ngati munthu yekhayo wochenjera pakati pa anthu zikwi zitatu.

M'mawa wa tsiku lachitatu sitima inakocheza ku Cozumel, chilumba cha ku Mexico. Mayi Vernell anali asanapondepo dziko la eni chibadwire. Anali atagula chipewa chachikulu cha udzu ndi nsapato zatsopano chifukwa cha tsiku limeneli, ndipo anali atauza kwaya yonse kuti abwera ndi zithunzi. Koma m'mimba mwa a Roscoe munali mutabuka nkhondo. Kuyambira mbandakucha ankangopita kuchimbudzi n'kubwerako, kupita n'kubwerako.

"Pitani nokha, mayi," anatero ndi mawu ofooka.

"Ndikusiyeni chonchi? Mukakomoka muno adzakutolani ndani?"

Anakhala nawo tsiku lonse. Anakawatengera tiyi ndi buledi wouma, anawapukuta thukuta pamphumi. Nthawi yotsalayo anakhala pakhonde, chipewa chili pamiyendo, akuyang'ana anthu akutsika mlatho waung'ono kupita kumtunda, kenako madzulo akubwerera ndi zibangili ndi nkhope zopsa ndi dzuwa. Sanawakalipire amuna awo ngakhale kamodzi. A Roscoe akanakonda kukalipiridwa. Sitima italiza lipenga n'kuyamba kuchoka padoko, anaona akazi awo akubweza chipewa chija m'chikwama mwakachetechete, ndipo anadzuka okha n'kukakhuthulira wisiki wotsalayo m'sinki.

Tsiku lachinayi ndilo linali la chikondwerero chawo. Pa chakudya chamadzulo mayi Vernell anavala diresi la buluu, a Roscoe suti yawo ya kutchalitchi, imene tsopano inali itawakhwepa pang'ono m'chiuno. Patebulo lawo panali mabanja ena atatu. Amene ankawaperekera chakudya anali mayi Nenita, mayi wachikulire wa ku Philippines, amene masiku onsewa ankawathirira madzi osanena kanthu. Iye anabweretsa keke yaing'ono yokhala ndi kandulo.

Mayi Vernell anaika foloko pansi. "Bambo ake Latrice, dziko la eni ndaliona ndili pakhonde, ndapirira. Koma zaka makumi anayi sindikondwerera ndi madzi."

A Roscoe anamasula batani lija pang'onopang'ono ngati akudzizula dzino. Anatulutsa khadi, nakonza kukhosi, ndipo kwa nthawi yoyamba paulendo wonsewo anafunsa funso.

"Mayi, shampeni magalasi awiri... ndi ndalama zingati?"

Mayi Nenita analandira khadilo, naliyang'ana, naligunditsa pa kamakina kawo. Kenako anawayang'ana a Roscoe modabwa.

"Kwa inu palibe mtengo, bambo. Kanyenyezi kali pakonapa simunakaone? Zakumwa zanu nonse awiri zinalipiridwa kale, kuyambira tsiku lija munalowa. Ine ndimayesa simumwa chifukwa cha chipembedzo."



"Zonse?" anafunsa mayi Vernell. "Ndi cha m'chinanazi chomwe?"

"Ndi cha m'chinanazi chomwe, mayi. Ndiponso wogulayo anasiya mawu oti tikuwerengereni lero pobweretsa keke." Anatulutsa kapepala m'thumba la epuloni. "Akuti: 'Adadi, sukulu yanga munailipira ndi manja akuda ndi girizi, ndipo simunadandaulepo. Ulendo uno dzanja lanu lisalowe m'thumba. Amwetseni mayi anga chilichonse chimene maso awo akhumbira. Latrice.'"

Manyazi anawakwera a Roscoe kuchokera m'khosi mpaka m'makutu. Anakumbukira mmene anamudulira mwana uja pakamwa, ndi chipewa chija chikubwerera m'chikwama. Koma pansi pa manyaziwo panali chinthu china chikufufuma, chotentha, chimene sichikanatheka kuchibisa. Kamtsikana kamene kankachita homuweki pa tayala la lole, kakuthawa ntchentche ndi fungo la dizilo, lero kakulamula chisitima chonsechi kuti bambo ake asalipire kanthu.

Shampeni itafika anaimirira, nagogoda galasi ndi supuni mpaka matebulo oyandikana nawo anatembenuka.

"Abale, ine ndine Roscoe Tillman wa ku Shreveport, wokonza mabuleki. Masiku awiri athunthu ndakhala ndikumwa sopo m'sitima muno, pamene mowa wanga unali wolipiridwa kale."

Chiphwete chinabuka mpaka wina anatsamwa.

"Sekani, ndi ufulu wanu. Chitsiru chikaulula chokha chimapepukidwa. Koma mumve izi. Amene analipira ndi mwana wanga, namwino ku Houston, wophunzira ndi ndalama za mabuleki. Ndipo mayi ali apawa andipirira zaka makumi anayi, dzulo lomweli ataya Mexico yense chifukwa chosamala munthu wouma mutu. Ngati pali mwamuna wina muno wolemera kuposa ine, aimirire timuone."

Palibe anaimirira. Anthu anaomba m'manja, ena akuimba mluzu, ndipo mayi Vernell anapukuta m'maso ndi kansalu ka patebulo.

"Khalani pansi musanagwe," anawanong'oneza. "Ndipo musaganize zobweza masiku atatu aja lero lomwe. Cozumel mudzandibwezera."

"Chaka chamawa, mayi. Ndi thumba langa."

Tsiku lotsiriza mayi Vernell anamwa chinanazi chawo pa dziwe, chipewa chili kumutu, a Roscoe akuwajambula zithunzi za kwaya kuchokera mbali zonse. Bambowo anangomwa galasi limodzi la wisiki weniweni, pang'onopang'ono, nati m'mimba simunakhululuke.

Ku Galveston, Latrice ankawadikira padoko atavala yunifolomu, atangoweruka kuntchito. Asanafike n'kugalimoto komwe, a Roscoe anamuuza zonse, osasiyako ngakhale za thovu. Latrice sanaseke msanga.

"Adadi, Loweruka langa lililonse kwa miyezi itatu ndinkagwira ntchito chifukwa cha zakumwa zimene zija."

A Roscoe anavula chipewa chawo pakati pa chigulu cha anthu ndi zikwama. "Ndakulakwira, mwana wanga. Unkalankhula, ine n'kutseka makutu. Ndimayesa ukadali kamwana kofuna kuphunzitsidwa za dziko, osadziwa kuti dzikolo unalidziwa kundiposa."

Latrice anawayang'ana kwa kanthawi, mpaka kuseka kunamugonjetsa. Anawakumbatira, nanunkhiza paphewa pawo. "Komatu mukununkhira bwino, adadi. Ngati maluwa."

Anatenga chikwama cha mayi ake n'kutsogola. A Roscoe ankabwera pambuyo, akukodola aliyense wodutsa, ngakhale wonyamula katundu amene sanawafunse kanthu: "Mukumuona uyo wa yunifolomuyo? Mwana wanga ameneyo."

Uchi unali m'thumba la malaya awo ulendo wonse, batani litamangidwa, iwo akumeza zowawa chifukwa choopa kutsegula pakamwa. Akuluakulu sananame: safunsa adadya phula.