Wogula Sanda wa ku Mayani

Che Sumani Kalonjere anafika kwa Shehe Litete itangotha swala, pemphero la masana la Asilamu, patapita masabata awiri chiikireni m'manda mkulu wawo, Che Adini. Nkhaniyi anandiuza ndi Che Sumani eni ake atakalamba, ndipo ine ndimaifotokozera ophunzira anga a kumadrasa monga momwe ndinaimvera.

Masiku amenewo ku Mayani kunalibe sitolo yoposa ya Che Sumani, ndipo mwini wake ankadziwika ndi chinthu chimodzi. Msilamu wosauka akamwalira, sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro, inkachokera kwa iwo, yaulere. Uthenga usanafike kwa abale akutali, nsalu inali itafika kale pasiwa. Anthu ankawatama, ndipo kunena zoona, kutamidwako sikunkawawawa m'makutu.

Shehe Litete anali nkhalamba yochepa thupi, yosachuluka mawu. Kuwonjezera pa kuphunzitsa, ndiwo ankasambitsa maliro a amuna m'midzi yozungulira. Tsikulo Che Sumani anawapeza pakhonde akusoka mkanjo wawo. Atapatsana salamu, mlendoyo anakhala pamkeka, nayamba.

"Shehe, ndabwera ndi funso. Mundikhululukire likamveka ngati mwano."

"Funsani, Che Sumani. Yankho ndikalidziwa ndikuuzani. Ndikapanda kulidziwa, tikhala osadziwa awiri."

"Inu mumatiphunzitsa kuti munthu wopatsa anzake mtima wake umapepuka. Ine zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikupereka sanda, sindinabwezepo munthu. Achimwene anga atamwalira ndinadula nsalu yabwino kuposa zonse m'sitolo muja. Nanga mtima wanga ukulemereranji chonchi? Chakudya sichikulowa, m'sitolo ndikungokhala ngati mlendo. Kodi Allah sakulandira za ine, kapena chiphunzitso chanucho ndi chongotitonthoza?"

Shehe anabaya singano pansalu, naika mkanjowo pambali.

"Zolandira ndi zokana ndi za Mwini wake, ine sindingazidziwe. Koma mundilole nanenso ndifunse. M'nyumba mwa achimwene anu munalowamo liti komaliza?"

Che Sumani anawerama. Iwo ndi mkulu wawoyo anakangana pa makina osokera amene bambo awo anasiya. Makinawo anapita kwa Che Sumani, ndipo ndi amene anabala sitolo. Kuyambira pamenepo abale awiriwo ankangopatsana salamu ya pamsewu.

"Zaka khumi ndi zisanu zakwana, Shehe."

"Ine ndinalowamo tsiku la maliro," anatero Shehe motsitsa mawu. "Ndinkaganiza zokubisirani, koma mwabwera nokha kudzafunsa. Achimwene anu ndinawapeza atagona pamphasa, atafunda matumba a feteleza. Alamu anu, Abiti Chande, anawang'amba nawalumikiza ndi ulusi wa thumba lomwelo. Mukukudziwa kuzizira kwa kuno mwezi uno wa Juni. Munthu wodwala chifuwa anafunda zimenezo mpaka kumwalira."

Shehe anapitiriza.

"Sanda yanu itafika, Abiti Chande anailandira pakhomo. Anaisisita ndi dzanja nthawi yaitali. Sanatukwane munthu, sanatchule dzina lanu. Anangoti, 'Lero bambo agona mofunda.' Kenaka anandipatsira."

Pamenepo Che Sumani analira, munthu wamkulu, wandevu zake, osasamala amene ankadutsa panjira. Atakhazikika pang'ono anaulula chinthu chimene anali asanauzepo aliyense. Mu Meyi mkulu wawoyo analowa m'sitolo, naima pamene panali mabulangete. Anagwiragwira limodzi, nafunsa mtengo ngati munthu wachilendo. Che Sumani anatchula mtengowo maso ali kwina, ndipo Che Adini anathokoza natuluka.

"Ndinkadikira kuti apemphe, Shehe. Ndinkafuna ndimve pakamwa pawo akuti, 'Mng'ono wanga, ndithandize.' Akanangotero ndikanawapatsa awiri."

"Ndikukhulupirira," anatero Shehe. "Ndipo musaganize kuti ndikulankhula ngati munthu woyera m'manja. Njira yanga yopita kumzikiti imadutsa kuseri kwa nyumba imeneyo. Ndinkawamva akutsokomola, ine n'kumangoponya salamu ndili panja. Tsiku limene ndinalowa ndinalowa ndi madzi owasambitsira. Pa mlandu umenewu tili awiri."

Kenaka Che Sumani anapukuta maso ndi chipewa chawo, ndipo mtima wa munthu wamalonda unabwerera. Anthufe timatero: chisoni chikatikulira timafunafuna chinthu choti tigule.

"Ndiye ndichite chiyani? Pa arubaini, sadaka ya tsiku la makumi anayi, ndipha ng'ombe ziwiri. Mpunga ndikatenga wa ku Nkhotakota. Adye anthu a midzi yonse m'dzina la achimwene anga. Kodi mtima wanga sudzakhala pansi?"

"Anthu adzadya, adzakutamani, madzulo adzabalalika, inu mudzatsala monga mulili," anayankha Shehe. "Sadaka ndi yabwino. Sanda nazonso musasiye, chifukwa osauka akuzifuna. Koma mwandifunsa za mtima wanu. Zaka khumi ndi ziwiri mwakhala mukuveka anthu amene sakumvanso kuzizira. Simunaonepo nkhope ya munthu amene mwamufunditsa, ndipo iye sanaonepo yanu. Kupatsa kotero n'kosavuta, Che Sumani, chifukwa wakufa simukangana naye, ndipo simufunika kumupepesa. Nanga chimwemwe chikanalowera pati?"

"Ndiye kwa achimwene anga ndachedwa?"

Shehe sanafune kuwanamiza, ngakhale anaona kuti munthuyo akufuna mawu ofewa.

"Mwachedwa. Kwa Che Adini kwatsala kuwapempherera basi, palibenso chimene ndalama zanu zingawafikitsire, ndipo ululu umenewo mukhala nawo. Koma matumba aja sitinawakwirire nawo limodzi. Alamu anu akufundabe omwewo. Musatume munthu. Nyamulani bulangetelo nokha, mukaodire pakhomo paja dzuwa lisanalowe."