Gostino, Mbewa Zake ndi Njinga ya Apongozi

Ana inu, mwambi uja amakuuzani akulu mukamavutitsa kuti chinthu chichitike lero lomwe, sunagwe kumwamba ngati matalala ayi. Unabadwira pansi pa mtengo wa kachere, pamsika wa m'mbali mwa msewu, ndipo azamba ake anali anthu otchova njuga. Eetu, anthu a makadi!

Kunali mkamwini wina dzina lake Gostino. Ntchito yake inali mbewa. Munthuyu akangolowa m'munda ndi khasu m'chilimwe, mbewa kuuna zinkayamba kutsanzikana ndi ana awo. Ankazitumbula, kuziphika ndi mchere, kuziwamba pamoto, n'kuzipana pansungwi, basi ulendo wa kumsika panjinga.

Njingayo sinali yake. Inali ya apongozi ake aakazi, yomwe anawasiyira malemu amuna awo, ndipo ankaipukuta kuposa mmene ankasambitsira adzukulu. Popeza mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, lamulo linadzera mwa mkazi wake, Nangondo.

"Amayi akuti njingayi izipita ndi inu, izibwera ndi inu. Tsiku lomwe mudzabwere wapansi, musadzakhotere kuno. Mudzangolunjika kwanu."

"Aa, mayi a Tereza, ine ndi mwana ngati?"

"Mwana ali bwino, sadziwa njira ya kukachere."

Kukachereko kunali masewera a makadi otchedwa poka. Anabwera nawo ndi Sikelo, tchona wochokera ku migodi ya ku Joni, wa dzino lagolide ndi chipewa chachikulu ngati lichero. Aliyense ankalandira makadi asanu n'kuwabisa pachifuwa, ndipo ankaloledwa kusinthako ena kamodzi. Woona kuti ake ndi amphamvu ankaika ndalama pakati. Wokayika ankaponya makadi chafufumimba n'kudikira kugawa kwina. Ena ankaika ndalama ali ndi zinyalala m'manja, kungoopseza anzawo ndi nkhope yolimba.

Musaganize kuti Gostino anali mbuli pamasewerawa. Mutu ukazizira, ankawerenga nkhope za anthu ngati mapazi a mbewa pafumbi. Ankadziwa kuti Sikelo akanyambita dzino lagolide ndiye kuti akunama. Vuto lake linali limodzi. Akangodyedwa kamodzi, makutu ankatuluka utsi. Zake ankafuna zibwerere tsiku lomwelo, dzuwa lisanapendeke, ndiye ankalowa kugawa kulikonse ngakhale ali ndi makadi oti ngakhale mbuzi singawadye.

Pamphasa yosewererapoyo pankakhalanso mlamu wake Fulayi, mlongo wa Nangondo. Ameneyu ankatopetsa anthu. Makadi akabwera, kuwasuzumira, kuwaponya pansi. Ena akabwera, kuwaponya pansi. Anzake mpaka anamutcha Mlonda, poti ankangokhala ngati akulondera mphasa. Koma akalowa, ankalowa ndi makadi olemera. Ndalama ya njuga ankaika m'thumba lakumanzere. Ya pakhomo inkakhala kumanja, ndipo thumbalo mkazi wake ankachita kulisoka ndi ulusi mmawa uliwonse wa msika. Lakumanzere likauma, Fulayi ankasasa fumbi kumatako n'kumapita, kaya anthu amutukwane bwanji. Masiku ena ankadyedwa ndithu. Koma zaka zikamapita, nyumba yake ndi imene inavala malata, pomwe akatswiri odya zazikulu tsiku limodzi ankagona atatchera mabeseni mvula ikamagwa.

Tsiku lina la msika Gostino analandira makadi amphamvu, mafumu atatu. Anaika ndalama zonse zomwe anapeza mmawawo. Sikelo anatsatira, anasintha khadi limodzi, ndipo mwayi unamugwera ngati papaya lakupsa. Anayala makadi ake, n'kukokolola zonse.

"Pepani madoda!" anatero Sikelo, dzino lili ng'ani ng'ani. "Ku Joni timati mfumu nayonso imagwa m'dzenje."

Utsi uja unayamba. Gostino anaika mbewa zotsala, mpani ndi mpani, zinapita. Anaika chipewa, chinapita. Anaika lamba, n'kutsala atagwira buluku ndi dzanja limodzi, makadi dzanja lina. Atagawanso, anasuzumira: ma eyisi awiri, makadi oposa onse mphamvu, ndi mafumu awiri pambali pake. Makadi okongola ngati mkwatibwi! Koma poika panalibe.

Sikelo analoza ndi mlomo njinga yomwe inatsamira kachere. "Nanga hachi yachitsuloyo ikudya udzu wa yani? Iikeni pakati, bambo wa mbewa. Mukadya, zonse zili apazi n'zanu, ndi chipewa changa chomwe."

Anthu anakuwa. "Ika! Ika! Mwamuna saopa!"

Gostino anayang'ana njinga, anayang'ana makadi. Anaona nkhope ya Nangondo, anaonanso njira yafumbi yopita kwawo, kumene analibe ngakhale khola la nkhuku. Komabe miyendo inayamba kudzuka yokha kulowera kunjingako.

Pamenepo Fulayi, amene anali ataponya kale makadi ake, anatola mpani umodzi pamulu wa Sikelo. Anaununkhiza mofatsa ngati wogula wovuta.

"Alamu, mbewazi munakumba liti?"

"Ndisiyeni, alamu, si nthawi yake ino."

"Ndangofunsa. Munakumba liti?"

"Dzana."

"Zinagona dzana, zinagonanso dzulo. Zawola?"

"Mbewa zanga siziwola! Ndimathira mchere wokwanira ine."

"Ehe. Ndiye mbewa, kanthu kanyama, kamadikira mawa osanunkha. Nanga makadi a pepalawa ndi amene awole usiku umodzi? Kachereyu akusamuka? Sikelo akubwerera ku Joni madzulo ano? Luso lanu lili m'mutumo, koma lero mutuwo wapsa. Amene akusewera panopa si inu, ndi mkwiyo. Kagoneni, alamu. Tsiku limodzi siliwoza mbewa."

Kunena zoona, Gostino ankafuna kumuponyera mlamu wakeyo nsapato. Anaima chiimire, thukuta lili kamukamu. Kenaka anaika makadi aja pamphasa chafufumimba, anagwira buluku bwinobwino, n'kukankha njinga.

Ayi ndithu, kuseka komwe kunali pamenepo, mbalame zonse zinathawa mukachere. "Mkamwini waopa apongozi! Wuuu! Thamanga, akakutume kumtondo!"

Telala wina dzina lake Bizaliyele, amene ankasokera pakhonde la sitolo pafupi pomwepo, analumpha n'kukhala pamalo a Gostino. "Makadi amenewa asafe amasiye. Ndiwatenga ine, ndipo ndaika makina anga osokera!"

Mukudikira kuti ndinene kuti telala anadyedwa? Ayi, ana inu. Anadya! Makadi a Gostino aja anagonjetsa a Sikelo. Telala anakokolola ndalama, mbewa, lamba, ndi chipewa cha lichero chija, n'kuyamba kuvina pamphasa.

Gostino anamva phokosolo asanafike n'kumsewu komwe. Fulayi atamupeza, anangotsala pang'ono kulumidwa khutu.

"Mwaona, alamu? Mwaona nzeru zanuzo? Zonse zija zikanakhala zanga!"

"Lero inde," anatero Fulayi. "Koma mukanaphunzira kuti njinga ya amayi ndi yoika pakati. Mukanaiikanso, n'kuiikanso. Munthu woika nyumba yake pamphasa amafunika kudya masiku onse. Mphasa imangofunika kumudya kamodzi."

Gostino anangopitiriza kukankha njinga. Anafika pakhomo dzuwa likadalipo, wopanda mbewa, wopanda ndalama, wopanda chipewa. Nangondo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anayang'ana njinga.

"Lamba ali kuti, bambo a Tereza?"

"Wapita."

"Chipewa?"

"Chatsagana naye."

"Koma njinga yabwera." Anang'amba mkawo pa chitenje chakale n'kumupatsa. "Mangani bulukulo, amayi angaone zosaona."

Msika wotsatira Gostino anadzera kaye kwa mkazi wake kuti amusokere thumba lakumanja. Atafika pamsika, anapeza pakhonde la sitolo pali mbee. Makina osokera anali kunyumba kwa Sikelo. Telala, ataona kuti kuika makina kumalipira, anawaikanso tsiku lomwe lija dzuwa lisanalowe, ndipo ulendo uno sanabwerere. Bizaliyele anali atakhala pamwala, akusoka chigamba ndi singano yapamanja.

Kuyambira pamenepo pamphasa panali alonda awiri. Gostino ankaponya makadi ambiri pansi, kulowa ndi olemera okha, ndipo makutu akangoyamba kufunda ankanyamuka. Zake zija sizinabwerere tsiku limodzi, ngakhale mwezi umodzi. Zinabwera pang'onopang'ono, ngati mbewa zotuluka kuuna imodziimodzi, mpaka anagula njinga yakeyake n'kubweza ya apongozi ili ndi belu latsopano.

Tsono musakanene kwanu kuti ndakutumani kukachere. Pa anthu onse a pamphasa paja, otuluka ndi kanthu anali awiriwo basi, ena onse ankangolimira Sikelo. Chimene chinatsala ndi mawu a Fulayi, amene anthu anayamba kuuzana paliponse: tsiku limodzi siliwoza mbewa. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chabwino sichionongeka chifukwa mwachidikiritsa mpaka mawa. Chimene chimaononga ndi phuma, makamaka mtima ukatentha. Mukaluza, mukakwiya, mukaona anthu akukuwa kuti chitani pompano, imirirani, gwirani buluku lanu, kankhani njinga muzipita. Mbewa muzipeza mawa zili bwinobwino, ndi mchere wake womwe.